Musanapopetse galimoto, iyeseni kaye pachithunzi

Magalimoto ambiri amene amalowa m'dziko muno kuchokera ku Japan, kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, amafika ali oyera, asiliva kapena akuda. Wogula sakhala ndi mpata wosankha kwenikweni, amangotenga imene thumba lake lakwanitsa. Pakapita zaka zingapo, dzuwa ndi fumbi zikaugugitsa utoto, mwini galimoto amayamba kulingalira zokapopetsa wina, ndipo m'pamene funso limadza: kodi Sienta yoyerayi ingaoneke bwanji itakhala yofiira?

Funsoli lili ndi mtengo wake. Kupopera galimoto yonse kumadya ndalama zambiri, galimotoyo imagona masiku angapo kugalaja, ndipo utoto ukangouma, amene sanakhutire alibe pothawira koma kulipiranso. N'chifukwa chake ena masiku ano amayamba ayesa kaye pakompyuta: amajambula galimoto yawo, n'kumasintha utoto pachithunzipo mpaka atapeza umene wawakomera m'maso. Luso lomweli amaligwiritsanso ntchito okonza zithunzi zotsatsira malonda, komanso makampani ofuna kuona momwe magalimoto awo angaonekere atavala mitundu ya kampani. Tisabisenso, luso lomweli likhoza kupusitsa munthu amene akugula galimoto pongoona chithunzi cha pa Facebook kapena pa WhatsApp.

Zithunzi zambiri zosinthidwa chotere zimadziulula zokha. Galimoto imaoneka ngati yodulidwa papepala n'kumatidwa pamsewu, kapena ngati kagalimoto kapulasitiki koseweretsa ana. Kawirikawiri mlandu sukhala wa pulogalamu ya pakompyuta ayi. Chimasokoneza ndi ganizo lakuti galimoto yofiira ndi yofiira paliponse.

Poti m'Chichewa mawu akuti mtundu ali ndi matanthauzo angapo, tigwirizane kuti m'nkhani ino akuimira kufiira, kuyera kapena kuda kwa galimoto, osati kuti ndi Toyota kapena Nissan.

Zimene diso limaona pagalimoto

Imani pambali pa galimoto yofiira imene yangotsukidwa kumene, muiyang'anitsitse. Padenga ndi paboneti muona thambo ndi mitambo yake. Pazitseko muona mzere wopingasa, pamene thambo likukumana ndi nyumba kapena mitengo imene ili kumbuyo kwanu, ndipo m'munsi mwa mzerewo utoto uoneka wozama, wolowera kukuda. Chakumunsi kwenikweni, pafupi ndi matayala, muona dothi kapena phula. Malo amene kufiira kukuoneka pakokha ndi ochepa kuposa momwe ubongo umatiuzira.

Izi zili chomwechi chifukwa cha kapakidwe ka magalimoto a masiku ano. Pachitsulo pamayamba utoto wapansi, umene amisiri amautcha primer, wothandiza kuti zobwera pamwamba zigwire bwino komanso kuti dzimbiri lisalowe. Kenako pamabwera utoto wa mtundu umene tikuufunawo. Pomaliza amapopera clear coat, utoto wopanda mtundu uliwonse, woonekera ngati galasi, umene umapatsa galimoto kunyezimira.

Kuwala kukafika pagalimoto kumagawika pawiri. Kwina kumapyola clear coat, kumakafika pautoto wofiira uja, n'kubwerera kutatenga kufiirako. Kwina kumangonjanja pamwamba osalowa, ngati pakalilole, ndipo kumabwerera ndi mtundu umene kunabwera nawo. Mtambo woyera umaonekabe woyera paboneti yofiira, ndipo mtengo wobiriwira suleka kubiriwira chifukwa chakuti waonekera pachitseko. Katswiri wa sayansi wa ku France, Augustin-Jean Fresnel, amene anamwalira mu 1827, ndiye anafotokoza mwa masamu momwe kugawikaku kumachitikira. Mukayang'ana chinthu chonga galasi molunjika, kuwala konjanja pamwamba kumangokhala pafupifupi magawo 4 pa 100 aliwonse. Mukamachiyang'ana chammbali, gawolo limakulirakulira mpaka chinthucho chimasanduka kalilole weniweni. N'chifukwa chake denga ndi boneti, zimene pachithunzi timaziona mopendekeka, zimaonetsa thambo kwambiri kuposa chitseko chimene chayang'anizana ndi kamera.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Mmisiri wopopera galimoto kugalaja amasintha utoto wapakati uja basi. Dzuwa, thambo ndi mitengo zimakhala momwe zinalili. Wosintha pachithunzi ayenera kuchita chimodzimodzi, kusintha zimene zili pansi pa clear coat n'kusiya zimene zikunyezimira pamwamba. Amene amathira mtundu watsopano pa zonse, ndi mitambo yomwe, ndiye amabala kagalimoto kapulasitiki kaja.

Chithunzi chabwino, malire abwino

Pulogalamu yodziwika kwambiri pantchitoyi ndi Photoshop, imene anaiyambitsa abale awiri, Thomas ndi John Knoll, ndipo kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1990. Kuyambira mu 2013 pulogalamuyi imalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, m'ndalama zakunja, zomwe kwa ambiri kuno n'chiphinjo. Koma zilipo zina zosalipira. GIMP inayambitsidwa mu 1995 ndi ophunzira awiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo mpaka lero ndi yaulere. Photopea imatsegulidwa pa intaneti pomwepo popanda kuilowetsa m'kompyuta, ndipo zida zake zambiri zili ndi mayina ofanana ndi a mu Photoshop. Mayina amene titchule pano ndi a mu Photoshop, koma mfundo zake ndi zomwezo kulikonse.

Ntchito imayambira pa kamera. Galimoto yojambulidwa masana dzuwa lili paliwombo imavuta, chifukwa malo ena amawala mopitirira muyeso. Kompyuta imayeza kuwala kwa kadontho kalikonse ka chithunzi ndi nambala zoyambira pa 0 kulekeza pa 255, ndipo malo amene afika pa 255 ndi oyera mbee, mulibenso kanthu koti n'kusintha. Jambulani m'mawa, madzulo kapena kunja kukachita mitambo, galimoto ili yotsuka. Ndipo ngati chithunzicho chikudzera pa WhatsApp, chitumizidwe ngati document. Kupanda kutero pulogalamuyo imachifinya, ndipo m'mbali mwa galimoto mumadzaza timabokosi timene timaonekera poyera mtundu ukangosinthidwa.

Chotsatira ndi kuuza kompyuta kuti penti ali pati. Aliyense amene anaonapo galimoto ikupoperedwa ku Biwi kapena ku Ndirande akudziwa kuti nthawi yambiri imathera pomata nyuzipepala ndi tepi pamagalasi, pamagetsi ndi pamatayala. Pakompyuta ntchito ya nyuzipepalayo imagwiridwa ndi chinthu chotchedwa mask. Mtundu watsopano suikidwa pachithunzi chenicheni, umaikidwa pa layer, yomwe ili ngati pepala loonekera loyalidwa pamwamba pa chithunzi. Mask ndiyo imalamula malo amene pepalalo lionekere: pamene mask ili yoyera mtundu watsopano umaoneka, pamene ili yakuda umabisika. Ubwino wake ndi wakuti chithunzi choyamba sichikhudzidwa, ndipo mukadumphitsa malire mumangokonza mask.

Zida zosankha zokha, monga Object Selection, zimafulumira, koma zimatenga galimoto yonse, ndi magalasi ndi matayala omwe. Mizere ya galimoto ndi yosalala, yokhota mwadongosolo, ndipo chida chimene chimaitsata bwino ndi Pen Tool, chimene munthu amayenda nacho pamanja kadontho ndi kadontho. N'chotopetsa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Zoyenera kusiya kunja ndi magalasi, magetsi, matayala ndi malimu, labala wozungulira mawindo, mapulasitiki akuda a pabampa, chizindikiro cha kampani ndi nambala ya galimoto. Zimene ambiri amaiwala kuphatikiza ndi kumbuyo kwa magalasi oonera m'mbali, zogwirira zitseko, ndi zitsulo za mbali inayo zimene zikuonekera kudzera pawindo. Pomaliza malirewo afewetsedwe pang'ono, ndi kadontho kamodzi kapena theka lake, chifukwa palibe kamera imene imajambula malire akuthwa ngati lumo.

Kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina

Galimoto imene ili kale ndi mtundu wooneka, monga yofiira kapena yabuluu, ndiyo yosavuta. Kompyuta imaika mitundu pamkombero wa madigiri 360: kufiira kuli pa 0, chikasu pa 60, kubiriwira pa 120, buluu pa 240. Chida chotchedwa Hue/Saturation chimazunguza mkomberowu. Mukakokera Hue pa -120, galimoto yofiira imasanduka yabuluu, mithunzi ndi kunyezimira koyera zili m'malo mwake.

Koma onetsetsani paboneti. Mkombero ukazungulira, umazungulira wonse, choncho pamene panali thambo labuluu tsopano pakhoza kuoneka pobiriwira, pomwe thambo lenileni pamwamba pa galimotoyo likadali labuluu. Woona chithunzi sangathe kunena chimene chalakwika, koma diso lake limakana. Mankhwala ake ndi kuuza chidacho kuti chikhudze mtundu wofiira wokha, posankha Reds m'malo mwa Master, kapena kudetsako mask pamalo amene thambo likuonekera kwambiri.

Pali msampha wina wobisika kuposa umenewu. Mitundu siwala mofanana. Mapulogalamu ambiri okonzera zithunzi amawerengera kuti pa magawo 100 a kuwala kumene diso limamva, pafupifupi 59 amachokera ku kubiriwira, 30 ku kufiira, ndipo 11 okha ndiwo amachokera ku buluu. Chikasu, poti ndi msakanizo wa kufiira ndi kubiriwira, chimafika pa 89. Ndiye tengani galimoto yachikasu, muike buluu pa layer imene mwaipatsa lamulo lotchedwa Color, lomwe limasintha mtundu koma n'kusunga kuwala kwa poyamba. Zotsatira zake ndi buluu wotumbuluka, wonga wosuluka ndi dzuwa, chifukwa mwaukakamiza kuwala ngati chikasu. Mukachita mobwerera, kuchoka pa buluu wozama kupita ku chikasu, mumapeza mtundu wa matope. Chikasu chikada sichionekanso chikasu.

Choncho kusintha mtundu kumayendera limodzi ndi kusintha kuwala. Ambiri amathamangira kukoka Lightness, imene ili pomwepo m'munsi mwa Hue ndi Saturation, koma imeneyi imayeretsa kapena kudetsa zonse mofanana, ndipo galimoto imaoneka ngati yakutidwa ndi nkhungu. Chida choyenera ndi Curves, chimene chimalola kudetsa malo apakatikati, amene ali penti weniweni, n'kusiya malo owala kwambiri ali chiwalire. Saturation nayo ichepetsedweko. Mtundu umene ukuoneka wokongola pakabokosi kosankhira umakhala wolusa kuposa utoto uliwonse umene mungaupeze m'chitini.

Yoyera, yakuda ndi yasiliva

Tsono magalimoto athu ambiri alibe mtundu woti n'kuzunguza. Kuyera, kuda ndi kutuwa sizili pamkombero uja. Mukhoza kukoka Hue uku ndi uku tsiku lonse, Probox yoyera idzangoti phee.

Pagalimoto yoyera njira yake ndi kuyala mtundu umene mukufuna pa layer yakeyake, n'kuipatsa lamulo lotchedwa Multiply. Lamuloli limachita ngati galasi la mtundu loikidwa patsogolo pa chithunzi: poyera pamatenga mtundu wonse, pamthunzi pamatenga mtundu womwewo koma wakuderapo. Maumbidwe a galimoto amasungika, koma kunyezimira kumafa, chifukwa nako kwathiridwa mtundu. Galimoto imaoneka ngati yapakidwa utoto wa pakhoma. Apa m'pofunika kubwezeretsa clear coat uja. Tengani kope lina la chithunzi choyamba, mulichotse mitundu yonse, mulidetse ndi Curves mpaka patsale malo owala kwambiri okha, kenako muliike pamwamba pa zonse ndi lamulo lotchedwa Screen, limene limaonetsa zowala n'kubisa zakuda. Kunyezimira kumabwerera pamwamba pa mtundu watsopano, monga momwe zimakhalira pagalimoto yeniyeni.

Ngakhale zitero, galimoto yoyera ili ndi malire ake. Utoto woyera umabweza kuwala kochuluka moti zithunzithunzi za mitengo ndi nyumba zimamira m'kuyerako, kamera osazigwira bwino. Galimoto yakuda ndi kalilole woyenda: pafupifupi zonse zimene timaona pa iyo ndi zinthu zoizungulira. Kusandutsa yoyera kuti ikhale yakuda kumafuna kuti zithunzithunzi zimene kamera sinagwirezo zijambulidwe pamanja, kuyambira mzere wopingasa wa pazitseko uja mpaka kuwala kwa thambo padenga. Imeneyi ndi ntchito ya mmisiri wa zojambula, osati ya kudina batani.

Kuchoka pa yakuda kupita pa yoyera n'kovuta koposa. M'malo akuda kamera imasunga zochepa kwambiri, ndipo mukawawalitsa mumatuluka timadontho tonga mchenga, pamodzi ndi zithunzithunzi zamphamvu zimene pagalimoto yoyera sizikanaoneka. Kunena zoona, amene akufuna kudziwa momwe Vitz yake yakuda ingaonekere itayera angachite bwino kungoyang'ana Vitz yoyera pamsewu, sizisowa.

Mwayi uli ndi eni magalimoto asiliva ndi otuwa. Kuwala kwake n'kwapakatikati, mithunzi imaoneka, kunyezimira kumaonekanso, ndipo pafupifupi mtundu uliwonse umakhalapo bwino.

Kumene mtundu wakale umabisala

Galimoto simangolandira kuwala, imakubwezanso ku zinthu zoyandikana nayo. Yofiira imafiiritsa pang'ono simenti imene yaimapo, ndipo kufiirako kumaonekeranso m'malimu, m'zitsulo zonyezimira za pabampa, m'galasi la kutsogolo mmene boneti imaonekera, ngakhalenso pachitseko cha galimoto ina imene yaima pambali. Mukaisandutsa yabuluu n'kuiwala malo amenewa, mumakhala ndi galimoto yabuluu ya chithunzithunzi chofiira. Malo onsewa ayenera kulowa mu mask, koma mopepuka, ndi burashi yofewa.

Kenako kulitsani chithunzi kawiri kapena katatu, muyende m'malire monse. Kamzere kopyapyala ka mtundu wakale kamakonda kutsalira m'mbali mwa mawindo, m'mipata ya zitseko ndi mozungulira magetsi. Ndipo malo amene mwajambula pamanja amakhala osalala kuposa chithunzi chonse, chifukwa chithunzi cha kamera chili ndi timadontho take tachibadwa. Kuthirapo Noise pang'ono kumawafananitsa ndi anzawo.

Nanga bwanji mapulogalamu a AI, amene mumangowalembera kuti galimoto ikhale yofiira? Photoshop inabweretsa chida chotere, Generative Fill, mu 2023, ndipo pafoni ziliponso zambiri. Nthawi zina zimachita bwino modabwitsa, makamaka pa kunyezimira. Koma zidazi sizipaka galimoto yanu, zimajambula ina yofanana nayo. Malimu akhoza kusintha, zilembo za panambala zikhoza kupotoka, ndipo pamene panali potiwanika pakhoza kuoneka posalala. Kwa wongofuna kuona mtundu, zimenezi zilibe kanthu. Kwa wogula galimoto, ndi pamene pali ngozi.

Wogula ali ndi njira zodzitetezera. Pemphani zithunzi zitseko, boneti ndi buti zili zotsegula, chifukwa wosintha chithunzi safika m'makona amenewo kawirikawiri, ndipo ngakhale wopopera weniweni nthawi zambiri amasiya chipinda cha injini ndi pansi pa buti zili ndi utoto wakale. Pemphani kanema wozungulira galimoto yonse. Funsaninso chithunzi cha kachikwangwani ka kufakitale, kamene pamagalimoto ambiri kamakhala pamphuthu ya chitseko kapena m'chipinda cha injini. Pa Toyota pamakhala zilembo zakuti C/TR, ndipo nambala yotsatira ndi ya utoto umene galimoto inatuluka nawo kufakitale: 040 ndi woyera, 202 ndi wakuda, 1F7 ndi wasiliva. Galimoto yofiira yokhala ndi 040 ili ndi mbiri imene wogulitsa ayenera kuifotokoza.

Kwa amene akufuna kupopetsa, chithunzi chikakoma ntchito sinathe. Foni ndi kompyuta zimatulutsa kuwala kwawokwawo, pomwe utoto umadalira kuwala kwa dzuwa, ndipo mafoni awiri saonetsa kufiira kofanana. Kupita kwa mmisiri ndi foni n'kunena kuti "ndikufuna uwu" ndi kuyamba mkangano umene udzabuke tsiku lokatenga galimoto. Chithunzi chikuthandizeni kusankha mbali imene mukulowera, kenako mupeze nambala ya utoto weniweni woyandikira pamenepo. Utoto wa metallic uli ndi tizidutswa ta aluminiyamu, ndipo wa pearl nthawi zambiri uli ndi tizidutswa ta mwala wonyezimira wotchedwa mica. Yonseyi imasintha maonekedwe munthu akamaizungulira, pomwe chithunzi chimaonetsa mbali imodzi yokha. Pemphani mmisiri apopere kaye pakachitsulo kakang'ono, ndi clear coat yemwe, mukaone masana ndi madzulo. Kumbukiraninso zimene chithunzi sichinena: galimoto yakuda imaonetsa fumbi ndi zokalika zonse, ndipo ikaima padzuwa la Okutobala imatentha kuposa yoyera.

Chinthu china chimene kompyuta singakusinthireni ndi zikalata. Mtundu wa galimoto umalembedwa m'mapepala ake aumwini, amene ambiri amangoti blue book, ndipo galimoto yofiira yokhala ndi mapepala onena kuti ndi yoyera imadzetsa mafunso parodibuloko, kwa a inshuwalansi komanso tsiku loigulitsa. Musanagule utoto, yambani mwafika ku ofesi ya Road Traffic mukafunse ndondomeko yosinthira mtundu m'kaundula.